Mtengo ulibe pakamwa: mafunso ndi mayankho pa zisudzo ndi chilengedwe, tili patsinde pa Mafinga

Ukaima pa Chisenga, m'boma la Chitipa, n'kuyang'ana kumadzulo, maso amagunda pa mapiri a Mafinga. Mapiri amenewa ali m'malire a Malawi ndi Zambia, ndipo nsonga zake zina zimapitirira mamita 2,300. Kuseri kwake n'kumene kumachokera mtsinje wa Luangwa, umene umatsetsereka m'dziko la Zambia mpaka kukathira mu Zambezi pafupi ndi Zumbo. Mbali ya kuno kuli nkhalango yotetezedwa ndi boma komanso mathithi a Chisenga. Kuno munthu amamwa madzi a phiri, amaotha nkhuni za phiri lomwelo, n'kumayembekezabe kuti phirilo likhala ndi mitengo mawa. Ndi malo abwino ofunsirapo ngati sewero lili ndi ntchito iliyonse pa nkhani za chilengedwe.

Zisudzo zikubwera bwanji pa nkhani ya mitengo ndi mitsinje? Imeneyi si ntchito ya alangizi a zankhalango?

Alangizi ali ndi ntchito yawo ndipo palibe akuwalanda. Koma tinene chilungamo: munthu wosadziwa kuti mitengo ikatha m'phiri kasupe amaphwa ndi wosowa. Mayi amene kale ankatola nkhuni kuseri kwa nyumba, lero n'kumalawirira mbandakucha kukabwerako dzuwa lili paliwombo, safunika chithunzi cha pakhoma kuti adziwe zoti nkhalango yathawira kutali. Khosi lake limamuuza tsiku ndi tsiku. Chovuta kwenikweni ndi mkangano. Wina akufuna munda, wina akufuna makala oti agulitse apeze fizi ya mwana, boma likufuna nkhalango yake isakhudzidwe, amfumu akufuna mtendere m'mudzi ndipo safuna kudana ndi abale awo. Mkangano wotere ndiye ndiwo za sewero. Pakasowa anthu awiri ofuna zinthu zosiyana, chimene chimatsala pabwalo ndi ulaliki.

Chinanso n'chakuti pa milandu ya chilengedwe odandaula enieni safika kubwalo. Mtengo wa muwanga ulibe pakamwa. Mtsinje sungaimike mkono pa msonkhano. Mwana amene adzapeze dambo litauma sanabadwe. Mlimi wa kumunsi kwa Luangwa sadziwa n'komwe dzina la amene akutentha tchire ku Mafinga. Pabwalo la zisudzo onsewa amatha kubwereka pakamwa pa munthu. Ndipo wochita sewero amaloledwa kunena zimene mwana wa m'mudzi sanganene pamaso pa mfumu, chifukwa aliyense akudziwa kuti "akungosewera", ngakhale aliyense akudziwanso amene akunenedwa.

Kodi zimenezi si zachilendo zobwera ndi mabungwe?

Dzina lakuti zisudzo za chitukuko ndi lachilendo, koma kuvina ndi kusewera nkhani za mvula, nthaka ndi nyama n'kwakale kuposa bungwe lililonse. Ku Nsanje kuli kachisi wa Mbona ku Khulubvi, kumene Amang'anja akhala akupempha mvula kwa zaka mazanamazana. Kachisiyo ali m'kati mwa msitu umene sudulidwa. J. M. Schoffeleers, wansembe amene anafufuza kwambiri za Mbona, anasonkhanitsa buku lotchedwa Guardians of the Land mu 1979, losonyeza kuti akachisi otere ankayang'anira mmene anthu akugwiritsira ntchito dziko: nthawi yotentha tchire, yobzala, yosaka.

M'chigawo chapakati, ukamayenda pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Kasungu, kumene minda ya fodya ndi chimanga inameta dziko mpala, tizilumba ta mitengo yachilengedwe timene umaona apo ndi apo kawirikawiri ndi manda. M'misitu yotereyi ndi mmene mumakhala dambwe, kumene zilombo za Gule Wamkulu zimachokera. Kasiyamaliro, njovu, mkango: nyama zolukidwa ndi udzu, nsungwi ndi makoko a chimanga, zimene zimatuluka kutchire kudzavina pakati pa anthu, kenaka n'kubwerera. Bungwe la UNESCO linazindikira gule ameneyu mu 2005, pamodzi ndi Vimbuza wa Atumbuka. Ku Chitipa kuli magule akeake. Mwinoghe, wa Asukwa, Andali ndi Abandya, analembedwa ndi UNESCO mu 2018, ndipo ndi gule wopanda nyimbo: ng'oma zitatu, wenzulo ndi mawu a wotsogolera basi. Kulinso Sendemule, amene amavinidwa pa zochitika zikuluzikulu monga kulonga mfumu, ndipo kale ankavinidwanso alenje akapha chilombo cholusa.

Tisakometse nkhani mopitirira. Makolo sankasunga mitengo ya kumanda chifukwa choti anamva za mpweya woipa, ankaopa mizimu. Ndipo magule omwewa amafuna zikopa, nthenga ndi mitengo yosemera ng'oma. Komabe phunziro lake n'looneka ndi maso: pamene panali nkhani imene anthu ankaikhulupirira, yokhala ndi ng'oma zake ndi mantha ake, mitengo ilipo mpaka lero. Pamene panangokhomedwa chikwangwani cha boma, pitani mukaone.

Nanga alembi a zisudzo zolembedwa anachitapo chiyani?

Kwathu kuno woyamba kumutchula ndi Steve Chimombo. Sewero lake la The Rainmaker, losindikizidwa mu 1978, linatenga nkhani ya Mbona n'kuiika pabwalo lamakono: dziko lauma, ndipo funso la amene angagwetse mvula likusanduka funso la amene ali ndi mphamvu. Chimombo yemweyo anathera zaka zambiri akulemba za Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikasamuka chimakokolola midzi. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, kulemba za chilala ndi zigumukire inalinso njira yonenera za ndale osatchula dzina la munthu.

Kunja, Henrik Ibsen wa ku Norway analemba An Enemy of the People mu 1882. Dokotala Stockmann apeza kuti madzi amene tawuni yawo imadyerapo ndalama za alendo ali ndi tizilombo, ndipo atanena, tawuni yonse, kuyambira mbale wake amene ndi meya, imusandutsa mdani. Aliyense amene anakhalapo m'komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi n'kugwira mlamu wake akucheka matabwa angamumvetse dokotalayu popanda womasulira. Mu Uncle Vanya ya Anton Chekhov, imene inaonetsedwa ku Moscow mu 1899, dokotala wina dzina lake Astrov amatambasula mapu atatu a dera lake osonyeza mmene nkhalango yakhala ikuchepera m'zaka 50, koma mkazi amene akumuonetsayo maganizo ake ali kwina. Chekhov anadziwa zaka zoposa 100 zapitazo kuti munthu wokamba za mitengo amatopetsa anthu.

Zoti ochita zisudzo azipita kumudzi kukakamba za mavuto a komweko zinayamba liti?

Ku Chancellor College kunali gulu loyendayenda la Travelling Theatre kuyambira mu 1970, koma zaka zoyambirira linkaonetsa kwambiri masewero a Chingerezi m'masukulu a sekondale. Zinthu zinasintha cha mu 1981, pamene Chris Kamlongera ndi David Kerr anayamba kutsogolera ophunzira kupeka masewero m'zilankhulo za anthu. Chaka chomwecho anapita ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, kukachita masewero okhudza sukulu ya kwacha, ukhondo ndi ulimi. Sanali okha m'chigawo chino cha Africa. Ku Botswana kunali Laedza Batanani kuyambira mu 1974, ndipo ku Lusaka ophunzira a University of Zambia anali ndi Chikwakwa Theatre, dzina lochokera ku chida chomwetera udzu.

Phunziro lalikulu linabwera kuyambira mu 1985 m'midzi yozungulira Liwonde, monga Mwima, kumene gululi linagwira ntchito ndi a zaumoyo pa nkhani za zitsime, zimbudzi ndi matenda otsegula m'mimba. Kumeneko anakhwimitsa njira yotsegula sewero. Ophunzira ankayamba akhala m'mudzimo, kumva zodandaula za anthu, kuphunzira nyimbo zawo. Kenaka ankapeka sewero lopanda mathero. Likafika pothina, wosewera ankatembenukira kwa oonerera n'kufunsa kuti, nanga pamenepa titani? Anthu ankayankha, kutsutsana, ena kulowa m'bwalo kudzasonyeza mmene iwo akanachitira. Augusto Boal wa ku Brazil anali atayamba kale zofanana ndi zimenezi, zoti woonerera azilowa m'malo mwa wosewera. Koma kwa Mmalawi njirayi sinali yachilendo: nthano imafuna oyankha, ndipo mlandu wa pabwalo la mfumu suweruzidwa anthu ali duu.

Kamlongera anazilemba zonsezi m'buku lake la 1989 lonena za zisudzo za chitukuko ku Malawi ndi ku Zambia. Mabungwe amene anabwera pambuyo, monga CRECCOM ya ku Zomba, Nanzikambe ndi Theatre for a Change, anamwa pachitsime chomwechi. Onani kuti nkhani yoyamba imene njirayi inakulirapo inali ya madzi akumwa. Chilengedwe chinalimo kuyambira pachiyambi, kungoti nthawiyo ankachitcha zaumoyo.

Ngati njira yake ndi yabwino chonchi, bwanji masewero ambiri a zachilengedwe amagwetsa ulesi?

Chifukwa ambiri anasiya kutsegula sewero n'kubwerera ku ulaliki. Ndinaonerapo limodzi pabwalo la sukulu ina, tsiku lotsegulira nyengo yobzala mitengo. Alendo olemekezeka anali pa mipando ya pulasitiki pansi pa tenti, ife tili padzuwa. Analowa bambo wootcha makala: sanza, nkhope yopakidwa mwaye, pilo m'mimba, botolo m'thumba, akudzandira. Anakalipira mkazi wake, anagwa kawiri, ana anaseka mpaka kugubuduka. Kenaka analowa mlangizi wa tayi, faelo m'khwapa, n'kuyamba kuwerenga ubwino wa mitengo, woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chiwiri. Nthawi imeneyo amayi anayamba kuyamwitsa ana ndi kufunsana za mitengo ya feteleza. Atatha, bambo uja anagwada n'kunena kuti waona kulakwa kwake ndipo kuyambira lero wasiya. Onse anagwirana manja, matisheti a bungwe ali mbee, n'kuimba nyimbo yotsekera.

Panali zinthu ziwiri zimene ndinapita nazo kunyumba. Choyamba, munthu yekhayo amene oonerera anamukonda anali wootcha makala uja, chifukwa ndi yekhayo amene anali ndi moyo. Chachiwiri, galimoto ina ya alendo aja itanyamuka, kumbuyo kwake kunali matumba awiri a makala.

Sewero lotere limanama m'njira zingapo. Limanena kuti wowononga chilengedwe ndi mbuli yoledzera, pamene wootcha makala weniweni ndi munthu wolimbikira ntchito kuposa ambiri a ife: kugwetsa mtengo, kuuduladula, kuunjika, kukwirira uvuni, kuulondera masiku angapo, kenaka kukankha njinga ya matumba atatu pa chitunda. Limabisa wogula. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makala ambiri amathera m'matawuni, m'nyumba za anthu a tayi. Limanamanso ponena kuti munthu amasiya ntchito imene ikudyetsa ana ake chifukwa wamva mfundo zisanu ndi ziwiri. Oonerera amadziwa kuti ndi bodza, amaomba m'manja mwaulemu, n'kumapita.

Tsono sewero loyenera Chisenga lingaoneke bwanji?

Liyambire pa chinthu chimene anthu amakangana nacho kale. Kuzungulira Mafinga, mbali zonse ziwiri za malire, nkhani ina yaikulu ndi kalimidwe ka mawere kodula mitengo n'kuitentha, kamene ku Zambia amakatcha chitemene. Mlimi amasadza nthambi kapena kugwetsa mitengo pa malo aakulu, kuziunjika pa malo ochepa, kuzitentha mvula ili pafupi, n'kufesa mawere paphulusapo. Si uchitsiru. Phulusa limapatsa nthaka chakudya ndi kuchepetsa kuwawasa kwake, ndipo moto umapha njere za udzu, choncho mawere amakula bwino popanda feteleza ndi popanda kupalira kwambiri. Kale, anthu ali ochepa, malowo ankasiyidwa zaka makumi awiri kapena kuposerapo mpaka mitengo itaphukanso. Lero anthu achuluka, malo ogonera tsala palibe, ndipo nkhwangwa ikukwera phiri kulowera kumene akasupe amayambira.

Tiyerekeze gulu la achinyamata a kumeneko likusewera pabwalo la msika. Bambo wachikulire akunola nkhwangwa pamwala. Chaka chino dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo. Mkazi wake akufuna mawere, chifukwa chimera ndicho chimabweretsa ndalama ya sopo ndi ya aganyu. Mwana wawo wamwamuna ali m'komiti yosamalira zachilengedwe ya m'mudzi, ndipo anapachika ming'oma isanu ya njuchi m'mitengo yomwe bambo ake akuiyang'anayo.

"Adada, mitengo imeneyo muli njuchi zanga."

"Njuchi zako zinabzala mitengo imeneyo? Ine ndinaipeza, agogo ako anaipeza."

"Akakugwirani a zankhalango, ine ndidzanena kuti chiyani ku komiti?"

"Udzanene kuti bambo ako anali ndi njala. Kapena kalembe dzina langa wekha, si ndiwe wodziwa kulemba?"

Chapatali pang'ono pagwada mkamwana, ndowa ili pambali. Ndiye amatunga madzi a banja lonse, ndipo ndiye akudziwa kuti kasupe wa kumtunda wayamba kuchepa mwezi wa Okutobala usanafike. Koma m'mabanja ambiri a kumpoto mkamwana sayankhulana maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna. Ali ndi umboni wonse, alibe njira youperekera. Bambo aja adzuka, nkhwangwa paphewa. Apa ndi pamene wotsogolera aombe m'manja, onse aume ngati miyala, iye atembenukire kwa anthu: "Amama, adada, bambowa apite kapena asapite? Akapanda kupita, adya chiyani mu Febuluwale?"

Funso lachiwirilo ndi limene masewero ambiri amaliopa. Koma likafunsidwa, bwalo limatentha. Wina anena za manyowa a ng'ombe, wina amuyankha kuti si onse ali ndi khola. Wina anena za nandolo ndi mitengo yobwezera chonde m'nthaka, gogo wina afunsa kuti zimenezo zimayamba kubereka chaka chiti. Wina afunsa chifukwa chimene ocheka matabwa a galimoto amadutsa bwinobwino pamene wa mawere ndiye amagwidwa. Mayi wina alowa m'bwalo, atenga malo a mkamwana uja, n'kuyankhula kudzera mwa apongozi aakazi, monga mmene zimachitikira kunyumba. Mlangizi wa zankhalango, ngati alipo, ayankhe ali pakati pa anthu, osati pansi pa tenti. Palibe amene agwade kulapa. Chimene chingatuluke ndi mgwirizano waung'ono, monga wakuti mitengo ya m'mphepete mwa kasupe isakhudzidwe ndi aliyense, ngakhale mwana wa mfumu, ndipo amfumu anene zimenezo ndi pakamwa pawo anthu akumva.

Liseweredwe m'chilankhulo chanji?

Cha pamoto, chimene anthu amakanganira kunyumba. Chitipa ndi boma la zilankhulo zoposa khumi: Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chitumbuka, Chinamwanga, Chimambwe ndi zina. Gulu lochokera ku Lilongwe likabwera ndi sewero la Chichewa, anthu amva ndithu, koma amva ngati chilengezo cha boma, ndipo gogo amene ali ndi yankho labwino kwambiri sadzatsegula pakamwa. Maina a mitengo, a bowa, a mitundu ya nthaka, amakhala m'chilankhulo cha eni dera. Ngakhale zokambirana ndalemba pamwambazi, pabwalo lenileni la ku Chisenga sizingamveke m'Chichewa.

Kusintha kwa nyengo ndi chinthu chosaoneka ndi maso. Mungachisewere bwanji?

Simusewera mpweya, mumasewera chimene chachitikira munthu. Bambo wabzala ndi mvula yoyamba, kwachita ng'amba masabata atatu, mbewu yapserera, ndipo ndalama yogulira ina palibe. Akangana ndi mkazi wake, amene ananena kuti adikire. Limenelo ndi sewero lathunthu. Bungwe la Soils, Food and Healthy Communities, limene linayamba ku Ekwendeni m'chaka cha 2000, linakonza pamodzi ndi alimi a ku Malawi ndi ku Tanzania maphunziro a ulimi wosamala chilengedwe, kadyedwe ndi kusintha kwa nyengo, ndipo zisudzo zinali mbali ya kaphunzitsidwe kake. Chimene anachiona n'chakuti nkhani ya nyengo siilekana ndi ya m'nyumba: ndani amasankha chobzala, ndani amasunga ndalama, ndani amaphika pamene mnzake akupuma.

Pali msampha umodzi wofunika kuupewa. Masewero ambiri amauza mlimi kuti mvula yasintha chifukwa iye anadula mitengo. Theka lake ndi loona: kudula mitengo kumaumitsa akasupe, kumakokolola nthaka, ndipo kumachititsa kuti madzi a mvula athamange m'malo molowa pansi. Koma kutentha kwa dziko lonse kukuchokera makamaka ku malasha, mafuta ndi gasi zimene maiko olemera akhala akutentha kwa zaka zoposa 150. Namondwe wa Freddy, amene anapha anthu mazanamazana m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023, sanabadwire m'phiri la Soche. Anachokera kutali m'nyanja ya Indian. Chimene kumetedwa kwa phiri ndi kumanga nyumba m'malo otsetsereka kunachita n'kukulitsa chiwonongeko. Sewero loona liyenera kunyamula mbali zonse ziwiri, apo ayi likusenzetsa mayi wa mtolo wa nkhuni mlandu wa mafakitale amene sanawaonepo. Alembi a maiko ena akulimbana ndi vuto lomweli. Kuyambira mu 2015 pali ntchito yotchedwa Climate Change Theatre Action, imene zaka ziwiri zilizonse imasonkhanitsa timasewero tatifupi ta alembi a m'maiko osiyanasiyana kuti tiseweredwe nthawi ya misonkhano ikuluikulu ya zanyengo.

Wailesi singachite ntchito imeneyi mwachangu kuposa kuyenda mudzi ndi mudzi?

Imafika kutali, zimenezo n'zosatsutsika. Amalawi anakulira pa Kapalepale ndi Pamajiga. A Story Workshop anayamba Zimachitika mu 1997, ndipo pulogalamu yawo ya Mwana Alirenji inkakamba za ulimi ndi chakudya kuchokera pakamwa pa alimi eni ake. Kumpoto kwenikweni kuli mawailesi monga Tuntufye ya Dayosizi ya Karonga, amene amayankhula zilankhulo za komweko. Ubwino wa sewero la pawailesi ndi nthawi: mtengo umakula pang'onopang'ono, ndipo nkhani yopitirira sabata ndi sabata ingathe kutsatira munda umodzi kwa zaka. Kuipa kwake n'kwakuti wailesi siimva ukaiyankha.

Pa nkhani ya ochita zisudzo, dziko lino linachitapo chinthu chimene maiko ambiri sanachite. Michael Usi, amene tonse tinamudziwa ngati Manganya wa mu Tikuferanji, anakhala nduna ya zachilengedwe ndi kusintha kwa nyengo mu 2023, asanakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024. Wa zisudzo anafika pa mpando weniweni woyang'anira nkhalango. Matumba a makala m'mphepete mwa misewu sanathe, ndipo sakanatha chifukwa cha munthu mmodzi, pakuti mphika wa m'tawuni umafuna moto tsiku lililonse, nduna kaya ndi yani.

Pali choopsa chilichonse pochita masewero otere?

Chilipo, sewero likasiya kuloza wosauka n'kuyamba kuloza wamphamvu. Ku Kenya, anthu a m'mudzi wa Kamiriithu anasewera nkhani ya malo amene analandidwa. Ngugi wa Thiong'o, amene analemba nawo sewerolo, anatsekeredwa kumapeto kwa 1977, ndipo mu 1982 boma linagumula bwalo limene anthuwo anamanga ndi manja awo. Kuno kwathu lamulo la 1968 lounika zosangalatsa linkafuna kuti sewero liyambe laonedwa ndi akuluakulu lisanapite kwa anthu.

Lero choopsa chimabwera mofatsa. Gulu limadalira alawansi ya bungwe, ndiye limasewera zimene bungwelo likufuna kumva. Nkhani zovuta zimatsala: ndani amapereka chilolezo chocheka matabwa, makala amadutsa bwanji pa zipata za pamsewu pamene lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, nanga migodi ikatsegulidwa madzi a kumunsi amayezedwa ndi yani. Kummwera kwa boma lomweli la Chitipa, anthu a ku Nthalire amakhala moyandikana ndi Nyika, paki imene inakulitsidwa mu 1978 anthu n'kusamutsidwa m'malo a makolo awo. Wopita kumeneko ndi sewero lophunzitsa anthu kukonda nyama za kutchire osatchulako mbiri imeneyo, asadabwe akaona nkhalamba zikunyamuka pakati pa sewero.

Tingadziwe bwanji kuti sewero lagwira ntchito?

Osati powerenga anthu amene anabwera. Malipoti amakonda chiwerengero chimenecho chifukwa n'chosavuta, koma anthu amabweranso kudzaonerera ndewu ya ataledzera. Sewero silipereka feteleza, silitsitsa mtengo wa magetsi, silipeza msika wa uchi. Chimene lingathe n'kuchititsa kuti mawu amene ankanong'onedwa kuchitsime anenedwe pabwalo, pamaso pa amene ali ndi mphamvu yochitapo kanthu, ndipo pakhale mboni. Zotsatira zake zimaoneka pa zinthu zing'onozing'ono: lamulo la m'mudzi limene anthu apangana okha, malire a nkhalango ya mudzi amene ayendedwa ndi kuikidwa zizindikiro, mbaula zosatha nkhuni zimene zikugwiradi ntchito m'makhitchini osati kusungira nkhuku zoikira.

Nthawi yoseweranso ndi nkhani. Nyengo yobzala mitengo ya boma imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, ndipo masewero ambiri amaunjikana m'masiku amenewo, pamene anthu ali kalikiliki m'minda ndipo mvula ikhoza kubalalitsa bwalo nthawi iliyonse. Koma mbande sizifa mu Janyuwale. Zimafa mu Seputembala ndi Okutobala, ndi moto wolusa, mbuzi ndi chiswe. Sewero la moto liyenera kuseweredwa mu Juni kapena Julayi, udzu usanaumiretu, pamene mudzi ungathe kugwirizana zolambula njira zotchinga moto ndi zotentha msanga malo oyenera, osaka nyama ndi oweta ng'ombe ofuna msipu watsopano ali pomwepo kuti anene mbali yawo.

Ndipo gulu limene linasewera tsiku lobzala libwererenso mu Okutobala kudzasewera gawo lachiwiri pamalo pomwe panabzalidwa mbandezo. Otenga mbali akhale omwe aja, bambo wa nkhwangwa, mwana wake wa njuchi, mkamwana ndi ndowa yake. Asanayankhule liwu lililonse, ayende ndi oonerera dzenje ndi dzenje, akuwerenga mokweza mitengo imene ili moyo.